Kachule ka a Gelevazio

Loweruka lapitali tinali kwa Mposa, kumunsi kwa phiri la Chikala, kokamanga chiliza cha apongozi anga, a Gelevazio. Chaka chatha chiwaikireni m'manda. Mapemphero atatha, akatekisiti anafunsa ngati alipo wofuna kunenapo mawu, ndipo mkazi wanga, mayi a Piyo, anandigunda ndi chigongono. Ndinaimirira, ndinathokoza amene anatuta mchenga ndi amene anaphika, basi n'kukhala pansi. Zimene ndinkafuna kunena sindinazinene. Ndiye ndizinene pano.

Ndiyambire pati? Anthu a kuno ku Nsanama mukawafunsa za a Gelevazio, sayamba ndi zoti ankatsogolera kolona kutchalitchi, kapena zoti mjigo wa pamudzi pathu sunagonepo wowonongeka iwo alipo. Amayamba ndi Kachule. Nanenso ndiyambire pomwepo.

Kachule kanali kagalimoto. Osati ngati izi za matola timakwerazi, iyayi. Kanali ka zitseko ziwiri, mipando iwiri, kopanda denga, kotsika moti ukakhalamo ukanatha kutola mwala pansi osatsegula chitseko. Nyali zake zinali zozungulira, zotong'oka, penti yake yobiriwira yosuluka, ndiye ana anangoti ameneyu ndi chule. Marimu anali a masipoko ngati a njinga, chiwongolero cha mtengo. Eni ake dzinali sankalifuna, iwo ankati Dona. Koma pamudzi dzina likachokera kwa ana silifufutika, moti pomaliza iwonso ndinawamva akuti Kachule.

Ali mnyamata ankagwira ntchito pagalaja ina ku Balaka, ya mzungu wina wa malole, ndipo kagalimotoko kanali ka mzunguyo. Tsiku lina atakakonza anauzidwa kuti akakayese pamsewu. Iwo anakayesa mpaka ku Nsanama. Taganizani, Balaka mpaka Nsanama, ati kuyesa! Chinawakokera kuno ndi mtsikana wina, Firimina, amene anamuona pa ukwati wa mnzawo. Anamupeza pamsika akugulitsa nandolo, anamukweza, n'kuthamanga naye mpaka mphepo inaulutsa duku lake kukagwera kaya m'munda mwa ndani. A Firimina amenewa ndiwo anadzakhala apongozi anga aakazi, ndipo nkhaniyi ankaikamba mlendo aliyense akabwera. Ankati ananamizidwa ndi galimoto ya eni ake. Iwo analola mwamuna wa galimoto, koma tsiku lobwera kudzakhala pamudzi anangoona munthu akutulukira wapansi, katundu wake mphasa ndi bokosi la masipanala. Duku lijanso ankalifunsabe mpaka ukalamba.

Patapita zaka zambiri, ana atakula, galaja ija inatsekedwa, mzungu n'kubwerera kwawo. Kagalimoto kanali katafa kalekale kuseri kwa galaja, nkhuku zikuikira m'mipando. Potsanzikana, anzawo anapempha zinthu zanzeru. Mnzawo wapamtima, che Amadu, anapempha makina owotcherera, n'kudzatsegula kamalo kake pa Nsanama pomwe pano. A Gelevazio anapempha Kachule. Lole inakatula pamsika, kuchokera pamenepo kufika kumudzi anakakoka ndi ng'ombe za ngolo. Ine ndinali ndisanakwatire pamudzi pano, koma amene anaona amati anthu onse anatuluka m'nyumba. Iwo anaima pakhomo n'kuitana akazi awo.

"Mayi, galimoto yanu ija ndabwera nayo."

A Firimina anaizungulira, anasuzumira m'kati, n'kuti, "Ine ndinakwera yoyenda yokha. Iyi ya ng'ombeyi mukapatse amene munali nawo ku Balaka."

Ine pobwera kudzakhala chikamwini ndinapeza Kachule kali pa njerwa, m'chisakasa cha malata, pamene nyumba ya eni ake inali ya udzu ndithu. Imeneyi ndiye inali ndewu ya chaka ndi chaka. Mvula ikagwa umamva a Firimina akulankhula mokweza kuti mkazi mnzawo sanyowa, iwo ndi amene akutchera mabeseni pakama. Malata a nyumba anadzabwera ndithu, koma pambuyo.

Mwambo wake mkamwini sayandikana kwambiri ndi apongozi, timalonjerana chapatali. Koma a Gelevazio, ine ndisanazolowere n'komwe njira ya kumjigo, anandiitana m'chisakasa muja. Anati tonse awiri ndife obwera pamudzi pano, ndiye manyazi tisiyire eni nthaka, ine ndigwire apa iwo amasule apo. Kuyambira pamenepo ankandiitana bambo, mwana wathu woyamba atabadwa n'kukhala bambo a Piyo. Sanandiitanepo iwe ngakhale tsiku limene ndinaponda mphasa yawo.

Mphasayo ndiifotokoze. Chilichonse chimene amasula ankachitsuka m'parafini n'kuchiyala pamphasa motsatana ndi mmene chachokera, bawuti ndi nati yake, wochala wake pambali. Nkhuku ikayandikira inkaona zakuda. Munthu wamkulu amazungulira, osadumpha. Ovolosi yawo ya buluu inkasitidwa ndi simbi ya makala ngati yopita nayo ku ukwati, koma akukagona nayo pansi pa galimoto. Belu la masana likalira kutchalitchi ankasiya chilichonse, kusamba m'manja ndi mchenga ndi sopo, kuvula chipewa, kupemphera, kenako n'kudetsanso manja omwewo. Sipanala sankabwereketsa. Ukapita kukapempha, ankanyamuka nayo okha kudzakumasulira chinthucho, kaya ndi chigayo kaya ndi njinga yamoto, n'kubwerera nayo m'thumba. Ena ankati ndi umbombo. Ine ndimati munthu waumbombo sangayende mtunda wonse uja kukagwira ntchito ya eni.

Ndiye panali Loweruka m'mawa. Ili silinkaphonyeka, kaya kuli maliro ankayamba adzera m'chisakasa. Ankamasula mapulagi, kudonthezera oyilo pang'ono m'bowo lililonse ndi supuni ya tiyi, kenako kuzungulitsa injini ndi dzanja, pang'onopang'ono, khutu lili pafupi. Ankanena kuti injini ili ngati mawondo a nkhalamba, ukaisiya ikhale osaipinda, tsiku loti iimirire imakana.

Koma ndinene chilungamo, anali munthu wovuta. Chitsulo chimene sichinabadwe ndi galimoto imeneyo sankafuna chilowemo. Ankakwera sitima kupita ku Balaka kukafufuza m'magalaja akale, n'kubwerako ndi kanati kamodzi, nkhope ili mwee. Wina atawanamiza kuti kutsidya kwa Nayuchi, ku Mozambiki, kuli galimoto yofanana nayo, anapita, n'kubwerako ndi galasi la nyali atalikulunga m'jekete ngati khanda. Chilimwe china chonse anathera kupala dzimbiri pansi pa chitseko, malo oti ngakhale nyerere siiyang'anako. Mabampala ankawakwecha ndi phulusa ndi mandimu mpaka atsikana ankabwera kudzadziyang'anirapo. Galimoto yonyezimira chonchi, koma sinalirepo.

Che Amadu ndiye sankawasiya. Lachisanu akatuluka kumzikiti ankapalasa njinga kubwera kuno, kukhala pa chitsa pakhomo pa chisakasa, ndewu n'kuyamba.

"Ajangu, zaka zonsezi mudakapukutabe maliro? Chotsani injiniyo tiikemo ya pikapu, tikweze masipuling'i, kumbuyoku ndiwotcherere kabodi. Mwezi uno womwe mukhala mukututa matemba ku Chiuta."

"Che Amadu, inu munthu atakupatsani nkhunda mukhoza kuiveka goli kuti izikoka ngolo."

"Nkhunda yanuyo inauluka liti? Walahi, ndidzafa ine, mudzafa inu, iko kali pa njerwa pomwepo."

"Kakatha mudzakwera. Koma nsapato mudzavule ngati kumzikiti kwanu."

Akatero ankaseka, a Firimina n'kubwera ndi chinangwa chophika, n'kukhala mbali ya che Amadu.

Chimene chinkaimitsa zonse kwenikweni chinali pampu ya petulo, kanthu kakang'ono kokoka mafuta kuchoka m'thanki kupita ku injini. Yake yeniyeni inapsa kalekale, ndipo yofanana nayo sinkapezeka. Che Amadu tsiku lina anabweretsa ya minibasi, yabwinobwino. Apongozi anaiika pamphasa, anaiyang'ana mbali zonse, n'kuibweza mwaulemu ngati mmene umabwezera mbale ya nyama imene sudya.

A Firimina ankafunsa kawirikawiri, mwanthabwala, "Nanga mudzandikweza liti?" Yankho linali limodzi, "Kakatha, mayi." Iwo n'kuti, "Mudzandikweza ndili m'bokosi." Tonse tinkaseka. Koma taonani, chaka chimene makoswe anadya mpando wa kumanzere, wa wokwera uja, ndi a Firimina omwewo amene anatenga lona ndi singano ya matumba, n'kuthiramo thonje la m'munda mwawo, n'kuusoka bwinobwino. Mkazi wanga atawaseka anati sakusokera mkazi mnzawoyo, akusoka pokhala iwo.

A Firimina anadwala pang'ono chabe n'kumwalira, nthawi yozizira, titangotha kukolola. Tinawaika pamudzi pomwe pano. Loweruka lotsatira apongozi analowa m'chisakasa monga mwa nthawi zonse, anazungulitsa injini, koma phulusa ndi mandimu sanakhudze. Anangokhala pa chitsa cha che Amadu chija mpaka dzuwa kufika pamutu.

Tsopano ndafika pa nkhani imene ndinkafuna kunena kumanda ija.

Kuno kwathu mwamuna amakhala kwa mkazi. Mkazi akamwalira, pakapita miyezi, abale ake amakhala pansi n'kumusudzula mwamunayo, ndiye kuti kumumasula abwerere kwawo ngati akufuna. Masiku ano nkhalamba zambiri zimangokhala ndi ana awo, palibe amazithamangitsa. Mwini mbumba pamudzi pathu ndi a Kalisito, mlongo wawo wa a Firimina. A Kalisito ndi a Gelevazio sankamwerana madzi kwenikweni. Zinayambira pa sipanala imene anakanizidwa, n'kudzakulira pa chisakasa, chifukwa chinamangidwa m'mbali mwa chulu, pa nthaka yabwino imene a Kalisito ankailakalaka.

Tinakhala pansi pa mtengo wa mango, dzuwa la Okutobala likuwotcha. A Kalisito analankhula bwino poyamba, kuthokoza, kutchula ana ndi zidzukulu. Kenako anati, "Alamu, ife sitikukuthamangitsani. Khalani, ana anu akusungani. Koma zitsulo zanuzo zichoke mvula isanagwe, malowo tikufuna tilimepo. Anyamata ogula zitsulo zakutha amadutsa ndi sikelo yawo, ndawauza kale."

Ine ndinayang'ana pansi, chifukwa mkamwini pabwalo ngati limenelo alibe pakamwa. Apongozi anavula chipewa n'kuchiika pabondo.

"Zikomo alamu. Mwandisunga bwino pamudzi pano, sindidandaula. Ine ndipita kwathu kwa Mposa, mlongo wanga alipo. Koma Kachule sikakwera sikelo, ndipo ng'ombe sizikakokanso. Ndinabwera wapansi, ndituluka ndikuyendetsa."

A Kalisito anaseka mpaka kutsokomola. Ana aakazi analira, kuwapempha bambo awo kuti asiye zimenezo, chisakasa tikhoza kusamutsira kuseri kwa nyumba yathu. Anakana. Kaya kunali kunyada, kaya chisoni, kaya zonse ziwiri zinaphatikizana, ine sindidziwa. Chimene ndinkadziwa n'chakuti mitambo inali itayamba kale kusonkhana cha ku Chiuta madzulo aliwonse, ndipo mvula ikangogwa njira za kwa Mposa ngakhale lole imatitimira. Kakakanika kulira, munthu wamkulu ngati ameneyo akanachoka pamudzi atanyamula bokosi pamutu, galimoto yake ikuphwanyidwa ndi nyundo kumbuyo, mudzi wonse ukuonerera.

M'mawa mwake anandituma kukaitana che Amadu. Atafika sanalonjerane n'komwe mokwanira.

"Che Amadu, pampu ya minibasi ija ilipo?"

"Ndinaika m'galimoto ya munthu kalekale. Mumati ndizikusungirani mpaka tsiku la Kiyama, la chiweruzo lija?"

Apongozi anangogwedeza mutu. Anatulutsa mphasa ziwiri n'kuziyala panja. Anati pa iyi tiike zoyendetsa ndi zoimitsa, pa iyo tiike zokondweretsa maso. Ndiye ndinaona ndi maso angawa mabampala aja, zogwirira zitseko, galasi la ku Mozambiki, chitini cha penti yobiriwira chimene anasunga zaka osatsegula, zonse zikupita pa mphasa yachiwiri. Anaikulunga okha, kuimanga ndi luzi, n'kundiuza ndiikweze pa mitanda ya denga. Nditatsika anandiyang'ana n'kuti, "Bambo a Piyo, ine ndinkakonza galimoto yoti anthu adzaione. Mayi aja ankangofuna kukwera."

Sanabwerezenso mawu amenewa.

Masabata amenewo ndinaona munthu wina. Rediyeta ya pikapu analola, tinaimanga ndi waya. Ekizosi che Amadu anawotcherera kuchokera ku paipi yakale ya mjigo, analola. Matayala akutha a zigamba m'machubu, analola. Batire tinabwereka kwa mnyamata woonetsa mafilimu pamsika. Thanki titaipeza itabooka ndi dzimbiri, che Amadu anati petulo tiika m'chigubu, chigubucho chikhale pamwamba, paipi izitsitsa yokha mafuta ku makabuleta, pampu n'kukhala yosafunikanso. Apongozi anatseka maso kanthawi, n'kuti chabwino.

Ziwiri zokha anakana. Injini anati ikhala yomweyo, chifukwa ndi imene inaulutsa duku. China mabuleki. Che Amadu ankati handibuleki ikwana, ulendo ndi umodzi wokha. Pamenepo ndiye anakalipa zenizeni. Anati galimoto yokana kuyenda imachititsa manyazi mwini wake yekha, koma yokana kuima imagwetsa maliro pakhomo pa anthu osalakwa. Nthawi ikuchepa chonchi, anapita ku Balaka kukasaka timalabala ta mabuleki tokwana bwino, ndipo atabwera anandipondetsa pedulo mpaka mwendo kuchita dzanzi, iwo ali pansi akutulutsa mpweya m'mapaipi.

Kali pa njerwa pomwepo kanatsokomolapo kangapo. Tsiku lina kanalira kanthawi kochepa, kulavula utsi wakuda ndi zisa za mavu, n'kuzima. Basi, umboni wathu wonse unali umenewo. Koma bingu linali litamveka, ndiye anati mawa tinyamuka.

Panali vuto lina limene tonse tinkaliona koma osalitchula. Njira yochoka pamudzi kufika pamsewu ndi ya ngolo, ili ndi makwawa awiri ndi msana pakati. Kachule mmene kanatsikira muja kakanangokhala pamsanapo, matayala ali lendee. Ine ndinkaganiza zoyala matabwa. Koma m'mawa wa tsikulo ndikutuluka m'nyumba ndinamva makasu. Azimayi a mbumba ya a Firimina, ang'ono awo, ana awo, mkazi wanga yemwe, anali atandandalika m'njira akusalaza msana uja. Palibe anawatuma. A Lusiya, ang'ono awo a malemu, anandiona ndaima kukamwa kuli yasa n'kuti, "Mukuyang'ana chiyani akamwini? Alamu athu sachoka pano ngati mbuzi yokokedwa pa chingwe. Tengani khasu."

Tinakatsitsa pa njerwa. Apongozi anatuluka ndi ovolosi yosita, chipewa, bokosi lija la masipanala n'kuliika m'buti pamodzi ndi mphasa yogonera ndi kachikwama ka zovala. Katundu wawo yense anali ameneyo. Che Amadu anandipatsa chigubu cha petulo n'kuti ndikhale pampando wa kumanzere ndichinyamule paphewa.

"Iyayi," anatero apongozi. "Mpando umenewo uli ndi mwini wake."

Pa tsiku logawa zovala za malemu iwo anapempha chinthu chimodzi chokha, duku. Analitulutsa m'thumba, kulipinda, kuliika pampando wa lona uja, n'kulitsindika ndi sipanala yaikulu. Anati ulendo uno lisaulukenso. Ndiye ine malo anga anakhala pamwamba pa buti, miyendo kuseri kwa mipando, chigubu paphewa, ngati mkwati wa petulo.

Anapotokola kiyi. Batire ija inangoti ng'ee, ng'ee, basi. Anyamata anakankha, kanatsokomola, kuzima. Anakankhanso, chimodzimodzi. Anthu anali atadzaza, ena ochokera midzi ina. A Kalisito anaima pa chulu, jekete ili pathupi, manja kumbuyo.

"Alamu, ndikaitane ng'ombe?"

Apongozi anatsika, kutsegula boneti, kugogoda makabuleta ndi chigwiriro cha sikuludiraiva, kuzula paipi n'kuyamwa mpaka petulo kufika m'kamwa, kulavula, kubwezera. Analowanso n'kuti, "Kankhaninso, ana anga."

Anyamata anali atatopa, thukuta kamukamu. Kanayenda pang'ono n'kuima mumchenga. Ndiye ndinamva mawu kumbuyo kwanga.

"Tachokani apo! Mukukankha ngati munagona ndi njala." A Kalisito anali atavula jekete n'kupatsa mwana. Anaika phewa pa buti, pafupi ndi ine. "Musaganize kuti ndikukuthandizani, alamu. Ndikungofuna malo anga."

"Ndamva alamu. Kankhani mwamphamvu muwapeze msanga."

Azibambo ena anawonjezera manja, azimayi anataya makasu nawonso n'kubwera. Kanayamba kuthamanga pa njira yosalaza ija. Apongozi anaika giya yachiwiri, kusiya kilachi, kagalimoto kanagwedezeka, kanaphulika kumbuyo ngati mfuti, kenako kanalira.

Kulira kwake sindingathe kukufotokoza bwino. Sikunali kwa minibasi, sikunali kwa chigayo. Kunali kwakuya, kochokera pansi, kumveka m'chifuwa mwako momwe. A Kalisito anagwa chogwada m'fumbi chifukwa galimoto inawathawa m'manja. Nthungululu zinabuka. Che Amadu anali pa njinga m'mbali mwathu, kofiya ili m'manja, akukuwa, "Mashala! Maliro adzuka! Maliro adzuka, jamani!" Ine misozi inkangotsika, osatha kupukuta chifukwa manja onse anali pa chigubu.

Linali tsiku la msika. Titatulukira pa Nsanama anthu anasiya malonda. Anyamata a kabaza anatizungulira ndi njinga zamoto, mahutala ali pii pii, kutiperekeza mpaka kumapeto kwa masitolo. Galimoto yopanda bampala, nyali imodzi yopanda galasi, penti yamathothomathotho, munthu atakhala pa buti ndi chigubu. Koma woyendetsayo! Msana uli chilili, chipewa chili bwinobwino, dzanja limodzi pa chiwongolero, lina pa giya, kusintha mofewa ngati anasiya dzulo lomweli. Sanayang'ane kumanja kapena kukweza dzanja kwa anthu. Ankangoyang'ana msewu.

Titapatukira njira ya fumbi, pamalo ena owongoka, anakuwa, "Bambo a Piyo, gwiritsani!" N'kuponda. Mphepo inandimenya kumaso, mitengo inayamba kuthawira kumbuyo, ndinaitana oyera onse amene ndimawadziwa. Iwo ankaseka, kuseka kwenikweni kumene ndinali ndisanakumve chichitikireni maliro. Ndipo ndinawaona akucheukira kumpando wa kumanzere, kamodzi, mwachangu, ngati munthu wofuna kuona ngati mnzake akuchita mantha. Nsonga ya duku inkakupiza pansi pa sipanala, koma silinachoke.

Patsogolo pang'ono mbuzi zinadumphira mumsewu, kamtsikana kakuzithamangira pambuyo osayang'ana. Anaponda buleki. Kachule kanaima nji, ine n'kukagunda chifuwa pa mutu wa mpando. Kamwanako kanadutsa. Apongozi anatembenuka n'kundiyang'ana, kenako n'kulowetsa giya.

Tinaima kangapo kuthira madzi m'rediyeta, kupempha m'makomo mwa anthu. Kwa Mposa tinafika dzuwa litapendeka. Mlongo wawo, gogo wa ndodo, anatuluka n'kuti, "Gelevazio, ndiwe? Unachoka wapansi iwe." Mvula inagwa sabata yomweyo.

Kumeneko anakhalako mvula ziwiri. Anapita nako kutchalitchi maulendo angapo, mdzukulu wa mlongo wawo atanyamula chigubu. Kenako china chake chinathyoka m'giyabokosi. Nditapita kukawaona ndinati ndipite ku Balaka ndikafufuze. Anati iyayi bambo, kafika. Ndinapeza ana akusewera pa chiwongolero, akuliza injini ndi pakamwa, chinthu chimene kuno mwana akanachiyesa akanathawa mudzi. Mpando wa kumanzere wokha ndi umene sankalola. Kalipobe kumeneko pansi pa mtengo, tinakaona Loweruka lija. Iwo atamwalira, duku tinawaika nalo m'bokosi.

Anyamata a kabaza nthawi zina amandifunsa, akakhala ndi njinga yakale, kuti kodi chinthu chakutha umakonza mpaka pati. Amaganiza kuti popeza ndinakhala ndi a Gelevazio ndiye ndikudziwa. Ndikati zaka zonse zija anataya, ndimakumbukira kuti pakanapanda supuni ya oyilo ya Loweruka lililonse injini ija ikanagwira dzimbiri, sikanalira ngakhale mudzi wonse ukanakankha. Ndikati anachita bwino, ndimakumbukira mpando wa lona. Ndiye ndimangowauza za mphasa ziwiri zija, n'kuwonjezera kuti ngati pali munthu akudikira kukwera, mufulumire. Kaya amamva.

Chisakasa chidakalipo. A Kalisito mvula ya chaka chomwecho analima mbali yonse ya chulu, koma mizere yawo inafika pa chisakasa n'kukhota, kuchizungulira, n'kukapitirira kutsogolo. Mpaka lero imakhota chomwecho. Mphwawo wina atafuna kuzula malata kuti afolere khola la mbuzi, anamuletsa, anati amenewo ndi malo a alamu.

M'kati mulibe kanthu. Milu inayi ya njerwa ili momwe tinaisiyira, umodzi wokha unagumuka. Pakati pake pali banga lakuda la oyilo pamene udzu umakana kumera. Pa nsanamira pali misomali yondondozana, kuyambira waung'ono kukafika waukulu, pamene ankakoleka masipanala. Chitsa cha che Amadu chili pakhomo, chiswe chayamba kuchidya pansi. Njira ija ngolo zaikumbanso, msana wabwerera pakati. Ukayang'ana kumwamba, pa mitanda, mphasa yomanga ndi luzi ija ilipo, ndipo mbali imene makoswe aboola, dzuwa la m'mawa likalowa, bampala imawalabe.